Zaka 100 za Tchalitchi cha ku Mdabwi

Chaka cha 1924 chinabala mipingo iwiri m'dziko lino. Woyamba aliyense akuudziwa. M'chaka chimenecho a Livingstonia ndi a Blantyre anagwirana manja n'kupanga CCAP, a ku Nkhoma n'kudzalowamo mu 1926. Zaka 100 zitakwana mu 2024, nyimbo zinamveka dziko lonse, makwaya anakwera mabasi kupita ku Lilongwe, ndipo kunali koyenera kutero. Wachiwiri unabadwa mwakachetechete m'mudzi wa Mdabwi, kufupi ndi pa boma pa Kasungu. Panalibe mzungu wouperekeza, panalibe sitima ya panyanja kapena mabokosi a mankhwala. Unabwera ndi munthu mmodzi wobwerera kwawo kuchokera ku Joni, Mbusa Hanock Msokera Phiri, ndipo dzina lake ndi African Methodist Episcopal Church, umene ambiri amangoutchula kuti AME.

Ndikulemba chikumbutsochi ndili ku Chifunga, kumunsi kwa Neno, kutali ndi kwa Mwase ku Kasungu. Chandichititsa n'chakuti mbiri ya ku Mdabwi ndiyo mbiri ya matchalitchi ambiri amene tikupempheramo m'midzi yathu ino: anayamba ndi munthu wobwera kuulendo, anakula ndi manja a eni mudzi, ndipo amene anawamanga akutha mmodzimmodzi mayina awo osalembedwa.

A Hanock Phiri anabadwa mu 1884 m'banja loyandikana ndi ufumu wa Mwase Kasungu. Anali mnyamata wa zaka ngati 11 pamene asilikali a boma la atsamunda anagonjetsa Mwase kumapeto kwa 1895. Tsono anakula akuona ndi maso dziko likusintha mwini. Amishoni a Livingstonia atafika ku Kasungu, iwo anali mwa anyamata amene anagwira sileti, ndipo nzeru zawo zinawafikitsa ku Khondowe, kusukulu yaikulu ya Overtoun imene Dr Robert Laws anatsegula mu 1894. Kumeneko n'kumene kunkasulidwa aphunzitsi, akalaliki ndi amisiri amene pambuyo pake anadzaza maofesi ndi migodi kuyambira ku Tanganyika mpaka ku Cape Town. Atamaliza anabwerera kwawo kukaphunzitsa pa Chilanga, ndipo mwa ana amene anadutsa m'manja mwawo munali mphwawo, Kamuzu Banda.

Ubale umenewu tiyenera kuumvetsa mwa Chichewa. Kwa Achewa mwini mbumba ndi malume. Mwana wa mlongo wako akadwala, akapalamula, akafuna banja kapena sukulu, khomo loyamba kugogodwa ndi lako. Zonse zimene a Hanock anachitira Kamuzu m'zaka zotsatira zinali udindo wa malume, ndipo anausenza mpaka kumapeto.

Kamuzu anatsogola kuchoka, akuyenda pansi mpaka ku Southern Rhodesia, kumene anapeza ntchito pachipatala cha ku Hartley, tauni imene lero ndi Chegutu. Amalume ake anamupeza komweko, ndipo mu 1917 awiriwa anawoloka kulowa ku South Africa. Ntchito yoyamba anaipeza kumgodi wa malasha ku Dundee, m'chigawo cha Natal. Tangoganizani, mphunzitsi wa ku Khondowe, wodziwa Chingerezi ndi masamu, akutuluka pansi madzulo thupi lonse lili bii ndi fumbi la malasha. Atachoka kumeneko anafika ku Boksburg, pafupi ndi Johannesburg, kumgodi wa golide wa Witwatersrand Deep, kumene Kamuzu anakwera n'kukhala kalaliki ndi womasulira m'komponi. M'moyo wa m'komponi umenewo, pakati pa anthu a zilankhulo zosiyanasiyana osiya akazi ndi ana kumudzi, ndi mmene anakumana ndi mpingo wa AME.

Sizodabwitsa kuti anaupeza pakati pa anthu a m'migodi, chifukwa Chimethodisti chinayambira pa anthu otere. John Wesley, wansembe wa mpingo wa Anglican amene anabadwa mu 1703, anatembenuka mtima pa 24 May 1738 ku Aldersgate mumzinda wa London. Chaka chotsatira anayamba kulalikira pabwalo, kunja kwa tchalitchi, kwa okumba malasha a ku Kingswood pafupi ndi Bristol, anthu amene matchalitchi olemekezeka a nthawiyo sankawawerengera. Mng'ono wake Charles analemba nyimbo zoposa 6,000, ndipo zina mwa izo timaziimba m'Chichewa Lamulungu lililonse osadziwa mwini wake.

Koma chimene ine ndimachiona chachikulu pa Wesley ndi kachitidwe kamene kanayamba mu 1742 chifukwa cha ngongole. Akhristu a ku Bristol anali atamanga nyumba yopemphereramo, ndalama zobweza n'kusowa. Anagwirizana zogawa anthu m'timagulu ta anthu ngati 12, gulu lililonse ndi mtsogoleri wake woyendera mamembala sabata ndi sabata kutolera kobiri limodzi. Posakhalitsa atsogoleriwo anaona kuti poyenda khomo ndi khomo akupeza zambiri zoposa makobiri: uyu akudwala, uyu wabwerera ku mowa, awa sakuyankhulana m'nyumba. Timaguluto tinasanduka makalasi, momwe anthu ankafunsana za moyo wawo wauzimu ndi kunyamulana pa mavuto. Wa CCAP amene amapita ku mlaga, ngakhale Mkatolika wa ku mphakati, sangaone chachilendo pamenepa. Pamwamba pa makalasiwo Wesley anaika alaliki wamba, anthu osadzozedwa, alimi ndi amisiri, oti azigwira mpingo pamene mbusa akuzungulira madera ena. Mpingo wokonzedwa chotere sufuna nyumba yaikulu kapena mmishonale kuti uyambe. Umafuna munthu mmodzi wodziwa kuwerenga ndi anthu khumi omumvera. N'chifukwa chake unatha kuyenda ngati mbewu ya m'thumba la wapaulendo, yomera paliponse pamene mwini thumba wakhazikika.

Nthambi imene a Hanock analowa inali ndi mbiri yakeyake yowawa. Ku Philadelphia, m'dziko la America, akhristu akuda a mpingo wa Methodist anatuluka m'tchalitchi cha St George's atakokedwa ali chigwadire popemphera, pouzidwa kuti malowo ndi a azungu. Wowatsogolera anali Richard Allen, munthu wobadwira mu ukapolo amene anadziwombola yekha ndi thukuta lake. Mu 1816 anakhazikitsa AME, iye n'kukhala bishopu woyamba. Ku South Africa nako zinachitika zofanana: mu 1892 Mbusa Mangena Mokone anachoka mu mpingo wa Wesleyan ku Pretoria chifukwa cha tsankho n'kuyambitsa Ethiopian Church, umene mu 1896 unalumikizana ndi AME. Choncho mphunzitsi wa ku Kasungu uja anapeza chinthu chimene kwawo sanachionepo: mpingo wa dongosolo, wa masukulu ndi makoleji akeake, umene bishopu wake anali munthu wakuda.

Mu 1923 malume ndi mphwake anapita kumsonkhano wa mpingowu ku Bloemfontein, kumene anaonana ndi Bishopu William Tecumseh Vernon. Njira zawo zinasiyanira pamenepo. Mpingo unavomera kuthandiza Kamuzu kuti akaphunzire ku America, ndipo mu 1925 ananyamuka kupita kusukulu ya AME ya Wilberforce m'chigawo cha Ohio. A Hanock anadzozedwa ubusa n'kutumidwa kwawo. Ulendo wa woyambayo mwana aliyense wa sukulu ankauloweza pamtima. Wa wachiwiriyo ndi umene ndikufuna tiukumbukire.

Kubwerera ku Nyasaland mu 1924 ndi mpingo wa anthu akuda okhaokha kunafuna chiwindi. Panali patangopita zaka 9 chichitikire nkhondo ya John Chilembwe ya mu January 1915. Tchalitchi chake cha ku Mbombwe boma linachigwetsa, ndipo mishoni ya PIM inali chitsekere mpaka 1926 pamene Dr Daniel Malekebu analoledwa kuitsegulanso. Chilembwe anaphunzira ku America mothandizidwa ndi akhristu akuda a kumeneko. Tsono munthu wina akutulukira ndi makalata a bishopu wakuda wa ku America komweko, a DC akanamuyang'ana ndi diso lotani? A Hanock anasankha kuyenda poyera. Sanabise chimene anadzera, ndipo mphamvu zawo anaziika pa guwa ndi pa bolodi.

Bolodilo linali ndi njala yoliyembekezera. M'zaka zomwezo a Livingstonia anapereka siteshoni ya Kasungu kwa amishoni a Dutch Reformed a ku Nkhoma. Anthu a kwa Mwase, amene anazolowera sukulu za Asikotishi, anadandaula, chifukwa sukulu za a Dutch zinkalimbikira chilankhulo cha makolo ndi ntchito zamanja, Chingerezi pang'ono chabe. Lero tikhoza kuyamikira a ku Nkhoma pa zimene anachitira Chichewa, ndipo ine ndimawayamikira ndi mtima wonse. Koma kholo la mu 1924 linkadziwa kuti mwana wopanda Chingerezi akapita ku Salisbury kapena ku Joni akagwira fosholo, pamene mnzake wa ku Khondowe akagwira cholembera. A Hanock anali ataigwira fosholoyo ndi manja awo. Pa Mdabwi anatsegula tchalitchi ndi sukulu pamodzi, ndipo kuchokera pamenepo ntchito inafalikira m'midzi ina mpaka kuwolokera ku Northern Rhodesia.

Kuno ku Neno Chikhristu chinalowa mwa njira ina. Ansembe a Montfort anatsegula mishoni ya Neno mu 1906, a Seventh-day Adventist n'kukhazikika ku Matandani mu 1908, onse kumtunda kozizira. Anali mamishoni a malo aakulu, nyumba za njerwa ndi mabuku osungidwa bwino, ndipo mbiri yawo inalembedwa. Amethodisti a ku Ulaya ndi ku America sanatsegule mishoni yotere m'Nyasaland. Iwo anakhazikika kwa anansi athu: a Wesleyan ku Southern Rhodesia kuyambira 1891, kuphatikizapo Epworth pafupi ndi Harare kumene mpaka lero kuli mabanja ambiri ochokera ku Malawi, ndi a ku America ku Old Mutare kuyambira 1897. Kuti Chimethodisti chifike kwathu kuno chinachita kusenzedwa ndi Amalawi eni ake, ndipo zimenezi zinachitika katatu. Koyamba ndi kwa a Hanock. Kachiwiri ndi mu 1973, pamene a Moses Phiri anabwera kuchokera ku Rhodesia, kumene anaphunzira Baibulo, n'kuyamba mpingo wa Free Methodist. Kachitatu ndi mu 1987, pamene United Methodist Church inayamba m'dziko muno pansi pa bishopu wa ku Zimbabwe, n'kukula mpaka msonkhano waukulu wa mpingowo padziko lonse unaipatsa dongosolo lakelake mu 2008 ndi kulikweza mu 2012.

Ife a ku Chifunga nkhani ya anthu obwera kuulendo si yochita kutiuza. Msewu wochokera pa Zalewa kupita ku Mwanza umadutsa pakhomo pathu, n'kupitirira ku Zobue, kuwoloka Zambezi pa Tete mpaka kukalowa mu Zimbabwe pa Nyamapanda. Agogo athu anatsata njira ya ku Tete wapansi, ena anatengedwa ndi Mthandizi, ena ndi Wenela. Ambiri anatchona. Obwerera anabwera ndi njinga, makina osokera, wailesi, jekete lolemera losayenera kutentha kwa kuno, ndipo ena pansi pa sutikesi anaika buku la nyimbo ndi khadi la umembala wa mpingo umene kumudzi sunamvekepo.

Mmene mpingo wotere umamerera m'mudzi ndaona ndi maso anga, ndipo sindikayika kuti ntchito imene inali patsogolo pa a Hanock inali yomweyi. Umayamba pakhonde la mwini uthengawo, iye ndi akunyumba kwake ndi apongozi amene abwera mwaulemu chabe. Anthu akachuluka amasamukira pansi pa mtengo. Kenako akuluakulu awiri atatu amapita kwa a nyakwawa kukagwada: "Mfumu, tabwera kudzapempha malo oti tizipempherapo." Malo akaperekedwa, abambo amalowa m'tchire kukadula mizati ya tsanya, mtengo umene chiswe sichiuboola msanga, ndipo amayi amamweta udzu. Chisakasa chimenecho chimatha zaka. Mabenchi amakhala a njerwa zosawotcha, ozira ndi dothi, ndipo Loweruka lililonse amayi amabwera kudzazira pansi ndi kusesa pabwalo. Belu ndi mkombero wa gudumu la lole wopachikidwa pa nthambi, ndipo mnyamata wouimba ndi chitsulo amadziwa kusiyanitsa kaimbidwe koitana mapemphero ndi kolengeza maliro.

Ntchito yeniyeni imafika ndi njerwa. Kuno madzi ndi ovuta m'chilimwe, nthawi yokhayo imene njerwa zingaume. Amayi amalawirira kumjigo kapena kumtsinje nkhuku zisanatsike, ndowa pamutu, ulendo ndi ulendo, mpaka dzenje litakhuta. Anyamata amaponda dothi, wina amadzaza chikombole, wina amathamanga nacho kukakhuthula pabwalo losalazidwa, ndipo madzulo mizere yonse amaifunditsa udzu kuti isang'ambike ndi dzuwa. Usiku wowotcha uvuni palibe wogona. Amuna amasinthana kusonkhezera nkhuni, amayi amaphika, kwaya imaimba mpaka mbandakucha. Zipupa zikakwera pamabwera funso la denga, ndipo apa m'pamene mipingo yambiri imaima zaka zingapo, zipupa zili yasa kunyowa ndi mvula. Malata amagulidwa limodzilimodzi. Uyu wagulitsa mbuzi, uyu wapatula pa ndalama za thonje, mwana wa uje amene ali ku Joni watumiza kangachepe, kwachitika Pepa Sande, pa masika abweretsa nandolo, mapira ndi nkhuku. Msungichuma amalemba zonse m'kope la ana a sukulu. Mbusa amafika mwa apo ndi apo pa njinga, popeza ali ndi mipingo ina yambiri yoti aiyendere, ndipo masabata ena onse guwa limakhala m'manja mwa mkulu wa mpingo amene dzulo lake anali kumunda. Nkhani ya ngongole ya ku Bristol ija ikanawerengedwa pamsonkhano wa komiti yomanga kuno, aliyense akanagwedeza mutu kuti akuidziwa.

Chifunga inaonanso zimenezi zikuchitika mwa njira yomvetsa chisoni. Nkhondo ya ku Mozambique itakula m'zaka za m'ma 1980, Malawi analandira othawa kwawo oposa 1 miliyoni, ndipo misasa ina inali konkuno, ku Chifunga ndi ku Luwani, nthawi imeneyo tikadali pansi pa boma la Mwanza, Neno isanakhale boma palokha mu 2003. Anthu amene anafika opanda ngakhale mphasa anayamba kumanga zisakasa zopemphereramo asanamalize nyumba zawo. Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 October 1992 anayamba kubwerera, ndipo ambiri anatenga mabuku a nyimbo a Chichewa ndi mipingo imene analowa kuno n'kukaibzala m'midzi ya ku Tete. Zimene anachita a Hanock pochokera ku Boksburg, alimi osatchuka anazichitanso pochokera ku Chifunga.

Kamuzu uja anabwerera ku Nyasaland pa 6 July 1958, patatha zaka zoposa 40 ali kunja. Pa nthawiyo anali mkulu wa mpingo wa Church of Scotland, ndipo ndi mmene ankadzitchulira moyo wake wonse. Mpingo umene unamutsegulira khomo la ku America sunasanduke mpingo wa boma kapena wa anthu apamwamba. Unakhalabe waung'ono poyerekeza ndi CCAP ndi Katolika, wodalira chopereka cha alimi, ndipo lero uli m'chigawo chimodzi cha ubishopu ndi Zimbabwe. Ine ndimaona ulemu pamenepa. Zaka 100 popanda thumba la mishoni ya ku Ulaya kumbuyo kwake ndi umboni wakuti m'badwo uliwonse munapezeka anthu otunga madzi ndi oponda dothi.

Chimene chimandipweteka ndi ichi. Za a Hanock Phiri tikuzidziwa chifukwa katswiri wa mbiri yakale Roderick Macdonald anazilemba mu 1970, komanso chifukwa olemba za moyo wa Kamuzu sakanatha kuwalumpha amalume ake. Mphwawo akanapanda kukhala mtsogoleri wa dziko, dzina lawo bwenzi likudziwika ku Kasungu kokha. Nanga amayi amene anazira pansi pa tchalitchi choyamba cha ku Mdabwi? Nanga mfumu imene inaloza malo, ndi mphunzitsi amene anagwira kalasi miyezi ingapo osalandira kanthu? Kuno kwathu n'chimodzimodzi. Tchalitchi chikatsegulidwa, pamwala wa pakhoma pamalembedwa dzina la mlendo wolemekezeka amene anadula riboni, munthu amene anafika pa galimoto m'mawa n'kubwerera madzulo. Gogo amene anagulitsa mbuzi yake yomaliza kuti pagulidwe malata awiri amakhala kumbuyo pamkeka, akuwomba m'manja. Kope la msungichuma lija limatsalira m'katoni kuseri kwa guwa, denga likadontha limanyowa, chiswe n'kumalizitsa. Akamwalira akuluakulu atatu anayi, palibenso wotha kunena chaka chimene mpingo unayamba.

Pempho langa kwa mipingo ya m'midzi ya kuno, ya Methodist ndi ina yonse, ndi lakuti chikumbutso cha ku Mdabwi chitipatse ntchito. Lamulungu lina mapemphero akatha, agogo asabalalike. Akhale pamthunzi, mlembi wa mpingo akhale pakati ndi kope latsopano, achinyamata amene ali ndi mafoni ajambule mawu. Afunsidwe mwaulemu ndi mosathamanga: "Agogo, anayamba kupemphera pano ndani? Anachokera nawo kuti mpingowu? Malo anapereka ndi mfumu iti? Uvuni woyamba unawotchedwa chaka cha njala iti, kapena cha chisankho chiti?" Okalamba athu sasunga zaka ndi manambala, amasunga ndi zochitika, ndipo mphunzitsi aliyense wa pasukulu yapafupi angathandize kusandutsa "chaka cha referendamu" kukhala 1993. Mayina a amayi alembedwe onse, ndi a kwawo omwe, osangoti "akazi a uje". Olemba asasiye mikangano ndi kugawikana, pakuti nazonso ndi mbiri ya mpingo. Zikalembedwa, kope limodzi likhale kwa mlembi m'chitini chotseka bwino, lina lipite kulikulu la mpingo, ndipo lachitatu litumizidwe ku National Archives ku Zomba, kumene mapepala a Livingstonia ndi Blantyre akusungidwa kale.